Kuwina mavoti, kuluza mpando

Pa chisankho cha pulezidenti wa America cha mu Novembala 2016, Hillary Clinton anapeza mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni kuposa Donald Trump. Kuno kwathu munthu atatsogola chonchi, matelala akanayamba usiku womwewo kusoka nsalu za tsiku lolumbira. Koma amene analumbira pa 20 Januwale 2017 anali Trump. Palibe amene anapaka Tippex pa pepala la zotsatira, palibe khoti lomwe linasintha zotsatirazo. Malamulo awo anatsatidwa bwinobwino mpaka kumapeto, ndipo wotsogola analuza chifukwa malamulowo ndi momwe alili.

Aka sikanali koyamba. Zachitikapo kasanu, mu 1824, 1876, 1888, 2000 ndi 2016, kuti munthu amene anthu ambiri anamuvotera wabwerera kunyumba, mnzake wochepa mavoti n'kukalowa ku White House. Ili ndi dziko lomwe akazembe ake amatulutsa zikalata zotilangiza nthawi ya chisankho, ndipo ife timamvera ndithu. Ndiye ndaona kuti si mwano kufunsa kuti lamulo lawoli linachokera kuti, amadya nalo ndani, ndipo n'chifukwa chiyani kwa zaka pafupifupi 200 anthu akhala akuyesa kulisintha koma osatheka. Yankho lake likudutsa m'minda ya fodya ndi thonje momwe munkalima akapolo, ndipo kumapeto likudzatipeza ife pa nkhani ya 50+1.

Momwe zimayendera

Munthu wa ku America akalowa m'kachipinda kovotera amachonga dzina la amene akufuna kuti akhale pulezidenti, monga timachitira ifeyo. Kusiyana kwake n'koti voti yakeyo imasankha nthumwi za chigawo chake, ndipo nthumwizo ndi zomwe zimasankha pulezidenti mu Disembala. Zonse pamodzi zilipo 538, ndipo gulu lake amalitcha Electoral College. Dzinalo lisakupusitseni, si sukulu, ndipo nthumwizo sizikumana n'komwe malo amodzi. Za ku Texas zimakavotera ku Austin, za ku California ku Sacramento. Wopeza nthumwi 270 ndiye wawina basi.

Nambala ya 538 imabwera motere. Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, Congress, ili ndi zipinda ziwiri. Ku House of Representatives kuli aphungu 435 omwe amagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu m'chigawo. Ku Senate kuli maseneta 100, awiriawiri chigawo chilichonse mwa zigawo 50, kaya chachikulu kaya chaching'ono. Chigawo chimalandira nthumwi zolingana ndi aphungu ake kuphatikiza maseneta ake. Zitatu zotsalazo ndi za mzinda wa Washington D.C., zomwe unapatsidwa mu 1961.

Apa pakubadwa mavuto awiri. Loyamba n'loti Wyoming, komwe kalembera wa 2020 anapeza anthu osakwana 600,000, ili ndi nthumwi 3, pomwe California ya anthu 39.5 miliyoni ili ndi 54. Mukagawa mupeza kuti ku Wyoming nthumwi imodzi ikuimira anthu pafupifupi 190,000, ku California oposa 730,000. Lachiwiri ndiye lalikulu: m'zigawo 48 wotsogola amakokolola nthumwi zonse, olo atsogole ndi voti imodzi. Maine ndi Nebraska zokha ndi zomwe zimagawako. Mu 2020 anthu 6 miliyoni anavotera Trump ku California, kuposa omwe anamuvotera ku Texas, koma onsewo sanamupezere nthumwi ngakhale imodzi.

Tangoganizani atazibweretsa kuno. Boma lililonse mwa maboma 28 lili ndi nthumwi zake, ndipo wotsogola ku Lilongwe watenga za Lilongwe zonse. Wandale wochenjera sangawotche mafuta kupita kuboma komwe akudziwa kale kuti awina, kapena komwe sangawine olo atagawa chimanga. Angamange msasa m'maboma atatu kapena anayi osadziwika mbali. Ku America zili choncho ndendende. Mu 2024 kampeni inazungulira zigawo 7: Pennsylvania, Michigan, Wisconsin, Georgia, North Carolina, Arizona ndi Nevada. A m'zigawo zina 43 ankangoonera pa TV ngati mpira wa matimu a eni ake.

Philadelphia, 1787

Anthu ambiri, ngakhale a ku America komweko, amakamba za Electoral College ngati nzeru zakuya zomwe makolo a dzikolo anaziganizira mofatsa. Zolemba za msonkhano womwe unabala lamuloli zikuonetsa zina. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala 1787, amuna 55, onse azungu, pafupifupi theka lawo eni akapolo, ankakumana mwachinsinsi ku Philadelphia kulemba malamulo aakulu a dziko latsopanoli. Anali atangovula goli la mfumu ya ku Britain, ndiye ankaopa kudzipangira mfumu ina. Nkhani ya kasankhidwe ka pulezidenti inawazunguza mitu miyezi yonseyo, moti James Wilson wa ku Pennsylvania ananena poyera kuti pa zonse zomwe anakambirana, iyi ndiyo inali yovuta zedi.

Ganizo loyamba linali loti Congress ndiyo izisankha. Anavomereza, kenako n'kubwerera m'mbuyo, poopa kuti pulezidenti wotero azidzangogwadira aphungu omwe anamuika pampando. Wilson ndi Gouverneur Morris anati anthu asankhe okha. George Mason wa ku Virginia anakana, n'kuyerekeza zimenezi ndi kufunsa munthu wosaona kuti aweruze mitundu ya utoto. Mfundo yake inali yoti dziko n'lalikulu, ndipo mlimi wa kumudzi sangadziwe bwino munthu wa kutali yemwe sanamuonepo. Nthawi imene uthenga unkayenda pa kavalo, zinali zomvekako.

Koma amene anatchula chenicheni ndi James Madison, pa 19 Julayi. Iye anati mwa njira zonse, yoyenera kwambiri inali yoti anthu asankhe okha, koma panali chopinga chimodzi chachikulu: zigawo za kumpoto zinali ndi ovota ambiri, ndipo za kum'mwera sizikanapindula kanthu ndi anthu akuda omwe zinali nawo, poti kapolo savota. Njira ya nthumwi, iye anati, ikuchotsa chopingacho.

Inkachichotsa bwanji? Msonkhano womwewo unali utagwirizana kale kuti pogawa mipando ya aphungu, akapolo 5 aziwerengedwa ngati anthu 3. Kapolo analibe voti, analibe mphamvu ngakhale pa mwana wobereka yekha, koma mutu wake unkachulukitsa aphungu a mbuye wake. Ndipo poti nthumwi zimatsata aphungu, mutu womwewo unkachulukitsanso mawu a mbuyeyo posankha pulezidenti. Kumayambiriro kwa Seputembala, anthu atatopa n'kumaganiza zakwawo, komiti ya anthu 11 inabweretsa dongosolo la nthumwi ndipo linadutsa.

Zipatso zake sizinachedwe. Kalembera wa 1790 anapeza kuti ku Virginia anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali akapolo. Kalembera wa 1800 anaonetsa kuti Pennsylvania inali ndi mfulu zambiri kuposa Virginia, koma pa chisankho cha 1804 Virginia inali ndi nthumwi 24, Pennsylvania 20. Pa zaka 36 zoyambirira za dzikolo, zaka 32 mpando unali m'manja mwa eni akapolo a ku Virginia: George Washington, Thomas Jefferson, Madison yemwe uja, ndi James Monroe. Zifukwa zina zinalipo ndithu. Zigawo zing'onozing'ono zinkaopa kumezedwa, ndipo mantha a Mason sanali onamizira. Koma amene akufotokoza mbiriyi osatchula akapolo wadumpha tsamba.

Zipani zitabadwa

Olemba malamulo aja ankayembekeza kuti nthumwi zidzakhala anthu anzeru oganiza paokha. Za zipani sanakonzekere, koma zaka 10 zisanathe zipani zinali zitabadwa, ndipo nthumwi zinasanduka amithenga chabe. Mu 1800 Jefferson ndi Aaron Burr, a chipani chimodzi, wina wofuna upulezidenti wina wachiwiri wake, anafanana mavoti 73 aliyense, chifukwa nthumwi iliyonse inkaponya mavoti awiri osasiyanitsa maudindo. House of Representatives inavota maulendo 36 isanasankhe Jefferson. Mu 1804 anamata podontha pamenepa, koma denga lonse analisiya momwemo.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti zoti wotsogola atenge zonse sizipezeka m'malamulo aakulu a America. Malamulowo amangoti chigawo chilichonse chisankhe nthumwi mwa njira yomwe nyumba yake ya malamulo yafuna. Poyamba zigawo zina zinkagawa nthumwi potengera madera, kwina aphungu a m'chigawo ndiwo ankasankha. Mu 1800 Virginia inasintha lamulo lake n'cholinga choti Jefferson asatayeko nthumwi ngakhale imodzi. Ndiye ukaona mnzako akuponya chibakera chathunthu, iwe sungapitirize kumenya ndi zala zomwazika. Pofika 1836 zigawo zonse kupatula South Carolina zinali zitatengera. Mfundo iyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Mu 1824 Andrew Jackson anatsogola pa mavoti a anthu komanso pa nthumwi, 99 pomwe John Quincy Adams anali ndi 84, koma sanapitirire theka. Nkhani inapita ku House, komwe pa voti yotere chigawo chilichonse chimakhala ndi liwu limodzi, ndipo Adams anasankhidwa mothandizidwa ndi Henry Clay. Atangolowa, Adams anapatsa Clay unduna wa zakunja. Jackson anati ameneyo ndi katangale. Atawina mu 1828, uthenga wake woyamba ku Congress mu Disembala 1829 unapempha kuti nthumwi zichoke, anthu azisankha okha. Congress inangomva n'kusiya.

Amene analipira mu 1877

Chisankho chomwe chimandiwawa kwambiri m'mbiri yonseyi ndi cha 1876. Nkhondo yapachiweniweni inali itatha mu 1865, ukapolo utathetsedwa, ndipo mu 1870 malamulo analetsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu. Masiku amenewo Republican chinali chipani cha Abraham Lincoln chomwe anthu akuda ankavotera, pomwe Democratic chinali cha azungu a kum'mwera. Samuel Tilden wa Democratic anatsogola ndi mavoti pafupifupi 250,000 ndipo anali ndi nthumwi 184, kuperewera imodzi yokha. Za ku Florida, Louisiana ndi South Carolina zinali pamkangano, mbali zonse zikuti zawina, pakati pa ziwawa ndi kuopseza ovota akuda. Komiti ya anthu 15 inavota 8 kwa 7 n'kupereka nthumwi zonse zokanganiranazo kwa Rutherford Hayes wa Republican. Zotsatira zinakhala 185 kwa 184.

Kuti a kum'mwera alole, panayenera kukhala malipiro. Hayes atalowa mu 1877 anachotsa asilikali a boma lalikulu omwe ankalondera maboma a Republican ku Louisiana ndi South Carolina. Chitetezo cha anthu omwe anali atangomasuka chinathera pomwepo. M'zaka zotsatira zigawo za kum'mwera zinabweretsa msonkho wa voti, mayeso a kuwerenga, ndipo komwe izi zinkalephera ankagwiritsa ntchito chingwe ndi mfuti. Ku Louisiana anthu akuda olembetsa voti anali 130,334 mu 1896. Pofika 1904 anatsala 1,342. John Chilembwe anali ku America kuyambira 1897 mpaka 1900, akuphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, m'zaka zenizenizo pomwe voti ya munthu wakuda inkafufutidwa. Patangotha zaka ziwiri iye atabwerera kuno, Virginia nayo inalemba malamulo atsopano otsekera anthu akuda panja.

Tsono onani masamu ake. Ukapolo utatha, munthu wakuda anayamba kuwerengedwa wathunthu pogawa aphungu ndi nthumwi, koma voti n'kumulandanso. Azungu a kum'mwera anapeza mphamvu zoposa zomwe anali nazo nthawi ya ukapolo. Pa voti ya dziko lonse, chigawo chomwe chikuletsa anthu ake kuvota chimadzichepetsa chokha, chifukwa mavoti ake amatsika. Pa Electoral College sichitaya kanthu. Kaya avota onse kaya avota ochepa, nthumwi ndi zomwe zija.

Pomwe zinatsala pang'ono

Kusintha malamulo aakulu a America ndi phiri. Pamafunika magawo awiri mwa atatu a House, awiri mwa atatu a Senate, kenako zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Mabilu oposa 700 okhudza Electoral College akhala akubwera ku Congress, koma ulendo umodzi wodziwika kwambiri pomwe zinafika pakhomo ndi uwu.

Mu 1968 George Wallace, bwanamkubwa wakale wa Alabama yemwe ankamenyera tsankho poyera, anaima ngati wachitatu n'kuwina zigawo 5 za kum'mwera, n'kupeza nthumwi 46. Ankadziwa kuti sangawine. Ankafuna kuti Richard Nixon ndi Hubert Humphrey onse alephere kufika 270, iye adzagulitse nthumwi zake kwa amene angalole kubweza m'mbuyo malamulo a ufulu wa anthu akuda. Nixon anapeza 301, ndiye pulaniyo inalephera, koma dziko linachita mantha. Seneta Birch Bayh wa ku Indiana ndi phungu Emanuel Celler wa ku New York anabweretsa bilu yoti wopeza mavoti ambiri m'dziko lonse ndiye aziwina, bola afike 40 peresenti. Akalephera onse, awiri otsogola azibwereza. Kafukufuku wa Gallup anapeza kuti anthu 8 mwa 10 alionse ankafuna kusinthaku. Mu Seputembala 1969 aphungu oposa 330 a zipani zonse ziwiri anavomera, 70 okha n'kukana. Nixon naye anaikapo mawu ake.

Biluyi inakafera ku Senate mu Seputembala 1970. Kumeneko kuli mchitidwe woti maseneta ochepa angathe kumangolankhula osalekeza kuti voti isachitike, ndipo panthawiyo kuwasiyitsa pankafunika magawo awiri mwa atatu. Otsogolera anali Sam Ervin wa ku North Carolina, Strom Thurmond wa ku South Carolina ndi James Eastland wa ku Mississippi, anthu omwe anakana malamulo a ufulu wa anthu akuda, mothandizana ndi ena a zigawo zochepa anthu monga Roman Hruska wa ku Nebraska. Voti yoyamba yotseka mtsutso inatha 54 kwa 36, yachiwiri 53 kwa 34. Ambiri ankafuna, koma sanakwane.

Bayh anayesanso mu 1979, Jimmy Carter akumuthandiza, n'kupeza 51 kwa 48. Ulendo uno ena mwa otsutsa anali atsogoleri a anthu akuda monga Vernon Jordan wa National Urban League, omwe ankaona kuti ovota akuda a m'mizinda ya zigawo zazikulu ndi omwe amapendeketsa sikelo, ndiye sankafuna kutaya mwayi umenewo. Sindikuwaweruza. Anthu omwe akhala akumanidwa kwa zaka mazana sataya msanga kachida komwe akagwira. Koma zikungoonetsa matenda a nkhaniyi: aliyense amayamba wawerengera kaye kuti iyeyo apindula kapena ayi.

Njira yodzera kuseri

Kenako kunabwera 2000. Al Gore anatsogola ndi mavoti oposa 500,000 m'dziko lonse, koma zonse zinadalira Florida, komwe George W. Bush anatsogola ndi mavoti 537. Khoti lalikulu la dzikolo linaimitsa kuwerenganso pa 12 Disembala, ndipo Bush anapeza nthumwi 271. Mavoti 537, abale, ndi ochepa kuposa anthu olembetsa pa senta imodzi ya kusukulu ya pulayimale kwathu kuno. Mu 2016 zinadalira mavoti osakwana 80,000 ku Michigan, Pennsylvania ndi Wisconsin. Mu 2020 Joe Biden anatsogola ndi 7 miliyoni, koma mavoti pafupifupi 43,000 ku Georgia, Arizona ndi Wisconsin ndi omwe analetsa kuti nthumwi zifanane 269 kwa 269. N'chifukwa chake pa 2 Januwale 2021 Trump anaimbira foni mkulu wa zisankho ku Georgia kumupempha kuti amupezere mavoti 11,780. Munthu sangaimbe foni kupempha mavoti 7 miliyoni. Lamulo ndi lomwe linachepetsa mpatawo mpaka kufika poti foni imodzi ingayesere.

Poona kuti njira ya Congress yatsekeka, ena anakumbukira mfundo ija ndinati muisunge: chigawo chili ndi ufulu wopereka nthumwi zake momwe chafunira. Akatswiri a malamulo Robert Bennett ndi abale awiri Akhil ndi Vikram Amar analemba za ganizoli mu 2001, ndipo mu 2006 John Koza ndi anzake analisandutsa pangano lotchedwa National Popular Vote Interstate Compact. Chigawo cholowa m'panganoli chimalonjeza kupereka nthumwi zake zonse kwa amene watsogola m'dziko lonse, olo akhale kuti m'chigawomo waluza. Koma lidzayamba kugwira ntchito pokhapokha zigawo zolowamo zitakwanitsa nthumwi 270. Zikatero Electoral College idzakhalapobe papepala, koma zotsatira zizidzatsata voti ya anthu.

Maryland inayamba mu 2007. Pofika 2024 zigawo 17 ndi Washington D.C. zinali zitalowa, nthumwi 209, kutsala 61. Vuto n'loti zolowazo ndi zigawo zomwe zimavotera Democratic. Zigawo za Republican zimaona ngati ndi msampha, chifukwa maulendo awiri apitawa lamulo lakale linakomera iwo. Zigawo 7 zija nazo sizingafulumire kutaya mwayi woti aliyense wofuna mpando azibwera kudzazigwadira. Komanso malamulo aakulu amati mapangano a pakati pa zigawo amafuna chilolezo cha Congress, ndipo maloya sagwirizana ngati panganoli likukhudzidwa. Tsiku lomwe lidzafike 270, m'mawa mwake lidzakhala kukhoti.

Zonena za otsutsa

Oteteza Electoral College ali ndi mfundo, ndipo zina n'zolemera. Amati popanda nthumwi, mizinda ikuluikulu izidzasankha yokha, akumudzi n'kuiwalika. Koma lero lomwe ndani amakachita kampeni ku Wyoming kapena Vermont? Zigawo zing'onozing'ono zambiri zimadziwika mbali, ndiye sizionanso wandale. Ndipo ngati nkhawa ndi yoti pulezidenti akhale wa dziko lonse, mankhwala ena alipo. Ku Kenya wowina amayenera kupitirira theka la mavoti komanso kupeza 25 peresenti m'makaunti oposa theka. Ku Nigeria amayenera kupeza 25 peresenti m'magawo awiri mwa atatu a zigawo. Mungathe kukakamiza munthu kuyenda dziko lonse popanda kutaya voti ya wina aliyense.

Mfundo yomwe ndimaiona yolimba ndi ya kuwerenga. America ilibe bungwe limodzi loyendetsa zisankho ngati MEC. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake a kalembera, nthawi yovota ndi kuwerenganso. Pakadali pano mkangano umathera m'chigawo chimodzi kapena ziwiri. Pa voti ya dziko lonse, mpikisano ukathina ngati wa 1960 pomwe John Kennedy anaposa Nixon ndi mavoti ongopitirira 100,000, bokosi lililonse m'dziko lingakhale la mlandu. Ife a 2019 tikudziwa kuti voti iliyonse ikamawerengedwa m'dengu limodzi, pepala lililonse la zotsatira limasanduka chuma chofunika mlonda. Koma kwa ine mfundoyi ikunena kuti akonze kawerengedwe. Siikupereka chifukwa choti wochepa mavoti azilamulira.

Zomwe ife tikudziwa kale

Pa nkhani imeneyi Malawi ali patsogolo, ndipo sindikunena mocheza. Chiyambire 1994, voti ya ku Chitipa ndi ya ku Nsanje zimalemera chimodzimodzi. Komanso tinaona chomwe a ku America ambiri sanachione, choti voti ya dziko lonse payokha siikwanira. Bakili Muluzi anawina ndi 47 peresenti mu 1994. Bingu wa Mutharika analowa ndi pafupifupi 36 mu 2004, Peter Mutharika ndi 36.4 mu 2014, ndipo mu 2019 MEC inamulengeza ndi 38.57. Ku Zambia Levy Mwanawasa analowa ndi 29 peresenti mu 2001, ndipo anzathuwo anaika 50+1 m'malamulo awo mu 2016. Munthu ankatha kulamulira dziko anthu 6 mwa 10 atamukana, bola agwire chigawo chakwawo mwamphamvu, enawo agawikane.

Apa ndi pomwe ndimaona bowo m'pangano la Koza. Lilibe malire a peresenti, lilibe chibwereza. Lero sizioneka chifukwa zipani zazikulu ndi ziwiri, komatu chimodzi mwa zomwe zimafooketsa zipani zazing'ono ndi Electoral College yomweyo. Mu 1992 Ross Perot anapeza 19 peresenti koma nthumwi ziro, ndipo Bill Clinton analowa ndi 43 peresenti. Mukachotsa mpanda umenewo, opikisana angachuluke, America n'kudzapezeka ndi pulezidenti wa 36 peresenti ngati ife kale. Bayh anaziona izi mu 1969, n'chifukwa chake anaika chibwereza. Ndikanakhala ndi liwu kumeneko, ndikanati voti ya dziko lonse inde, koma ndi chibwereza, ndipo malire akhale theka, osati 40.

Matenda a Senate ya 1970 nafenso tinadwalapo. Mu Disembala 2017 Nyumba ya Malamulo yathu inakana bilu ya 50+1, chifukwa omwe anali ndi manambala m'nyumbamo ndi omwe ankadya ndi lamulo lakale. Zinatengera majaji asanu pa 3 Febuluwale 2020, ndi Supreme Court pa 8 Meyi chaka chomwecho, kunena kuti mawu a mu gawo 80 la malamulo athu amatanthauza kupitirira theka. Ku America khoti silingawapulumutse motero, chifukwa Electoral College inalembedwa m'malamulo aakulu momveka bwino.

Ndiye taonani momwe zinathera kuno. Lazarus Chakwera analowa ndi 50+1 mu Juni 2020. Mu Seputembala 2025 lamulo lomwelo linamutulutsa, ndipo Peter Mutharika, yemwe mu 2020 anakana kusaina mabilu a zisankho, anabwerera ndi mavoti oposa 56 peresenti. Ku America nako, mu 2004 anthu pafupifupi 60,000 a ku Ohio akanangosintha maganizo, John Kerry wa Democratic akanalowa ngakhale Bush anatsogola ndi mavoti 3 miliyoni. Ndipo mu 2024 Trump anawina zonse ziwiri, nthumwi 312 komanso mavoti ambiri m'dziko lonse, kusonyeza kuti Republican siyofunika kuopa voti ya anthu. Amene akuwerengera kuti lamulo lopotoka lizimukomera mpaka kale amaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kafukufuku wa Pew wa 2024 anapeza kuti anthu a ku America oposa 6 mwa 10 alionse akufuna voti ya dziko lonse. Akhala akufuna kuyambira nthawi ya agogo awo, ndipo chomwe chimawatsekereza nthawi zonse ndi kagulu komwe kawerengera n'kupeza kuti chisankho chikubwerachi lamulo lakale likakomera. Kwa ife phunziro lake n'lapafupi. Tsiku lina wina wa manambala ku Nyumba ya Malamulo adzaima n'kunena kuti chibwereza n'chodula, dziko n'losauka, tibwerere ku zakale. Tsiku limenelo tidzamufunse kuti wawerengera chisankho chiti. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo lamulo la chisankho nalo n'lofunika kuligwirizana anthu asanadziwe kuti moto ulowera mbali iti.